Kuyeza Madzi a Kamphande

Lolemba, 6 Januwale

Ine ndine Esitele, aNambewe, wa kuno ku Mkanda, tsidya lino la mtsinje wa Kamphande. Akulemba ndi anzanga a Caroline amene anali aphunzitsi, poti ine sukulu ndinalekeza Sitandade 2, ndipo masowa anachita chifunga. Ndawauza kuti alembe momwe ndikunenera, asathiremo mchere.

Kope ili wandipatsa ndi Rodrick, mzime wanga, makaniko wa ku boma ku Mchinji. Akuti tsiku ndi tsiku ndiziviika nsungwi mumtsinje, a Caroline aziyeza ponyowapo ndi tepi yawo yosokera, n'kumutumizira nambala pa foni. Koma kope ndi lalikulu, nambala ndi kanthu kakang'ono. Malo otsalawo tizilembamo zanga.

Nkhani ili apa. Chaka chatha mu Febuluwale kuthamanga kwa magazi kunandigwetsa kumunda. Galimoto imene anaitana inabwerera patsidya poti mtsinje unali utadzaza, ine anandinyamula pa ngolo ngati belo la fodya. Ivy, mwana wanga woyamba amene ali ku Lilongwe, anati zimenezo asadzazimvenso, ndisamuke ndikakhale kwa iye. Rodrick anapempha kuti amupatse mpaka pa 18 mwezi uno. Akukonza galimoto ya malemu bambo ake, a Enoki, siteshoni wagoni ija anthu amaitcha Khola chifukwa nkhuku zinaikiramo mazira zaka zisanu ndi ziwiri. Ikawoloka yokha Kamphande n'kufika pabwalo pano, ndikhala. Ikalephera, ndimanga katundu. Anagwirizana awiriwo pa Khirisimasi, ine ndili pomwepo ngati mtondo.

Lero masentimita 28.

Lachiwiri, 7 Januwale

Masentimita 30. Mvula inawaza pang'ono masana.

Rodrick waimba. Akuti wachotsa masipiringi akale, waika a pikapu amene anakatenga ku Chipata, ndipo Khola lakwera chikhato chimodzi ndi zala zitatu. Mawa awotcherera chitsulo kumimba kwake kuti miyala isaboole. Zambiri sindinazimve, ndimangoti eya, eya. Koma mawu ake akamanena za zitsulo ndi a bambo ake enieni, osafulumira, ngati akuwerenga Baibulo.

Mwana ameneyu anayamba ndi kumasula wailesi yathu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anakwapulidwa. Madzulo ake wailesi inalankhula bwino kuposa kale.

Lachitatu, 8 Januwale

Masentimita 30. Ndapalira mtedza mizere inayi, kenako mtima unayamba kugunda m'makutu. A Caroline, izi zokha musatumize.

Lachinayi, 9 Januwale

Ku Mvano ndinawauza amayi onse kuti galimoto ya a Enoki ikudzuka. Wina kumbuyo anati kaya nkhuku zauzidwa. Anaseka. Ine sindinaseke. Ndinati pa 18 mudzabwere ku mtsinje, mudzaone chimene ndinabereka.

Pobwera ndinapeza Ivy watumiza chithunzi cha chipinda chimene wandikonzera. Bedi, makatani, chimbudzi cha madzi pafupi. A Caroline anachikulitsa ndi zala kuti ndione bwino. Pawindo pakuoneka mpanda wa njerwa, basi. Ndinafunsa ngati kuli polima ngakhale nkhwani. Ivy anati kuli mamita awiri kuseri, koma pamayanikidwa zovala.

Mwanayo sakulakwa. Ndi iye amene anagona pansi pa bedi langa ku chipatala masiku asanu ndi limodzi. Koma ine ndikakhala tsiku lonse osagwira khasu, manja amandiyabwa.

Masentimita 33.

Loweruka, 11 Januwale

Dzulo sitinalembe, kunali maliro kwa aneba. Madzi ndinayeza ndithu, 31. Lero 34.

Chithunzi cha Khola chafika. Ndinayamba ndakwiya. Rodrick wadula madigadi, malata a pamwamba pa magudumu aja, kuti matayala akuluakulu alowe, matayala a mano ngati a thirakitala. A Enoki ankaipukuta galimoto imeneyo ndi malaya awo akale Lamulungu lililonse, munthu akaitsamira ankamuyang'ana mpaka adzuke. Lero mwana waidula ndi makina. Ndinamuuza pa foni. Anati bambo akanakhalapo akanamugwirira chitsulocho kuti adule mowongoka. Mwina n'zoona.

Nditayang'ananso kachiwiri ndinaona kuti yaima ngati nkhunzi.

Anandilongosolera chinthu chimodzi chimene ndachigwira. Injini imapuma ngati munthu, ndipo mphuno yake ili kuseri kwa nyali ya kutsogolo. Madzi akafika pamphunopo, injini imamwa n'kufa, siidzukanso. Iye wakweza galimoto molingana ndi manambala anga. Akuti madzi atafika 45 ingadutsebe, ndiye tili bwino. "Ntchito yonseyi yaima pa nsungwi yanuyo, amayi," anatero. Ndinamuuza kuti nsungwi yanga siinama.

Lolemba, 13 Januwale

A Caroline, lembani pang'onopang'ono.

M'mawa ndinapita monga mwa masiku onse pa miyala paja timawolokera popita kutchalitchi ndi kuchigayo. Ndikuviika nsungwi, kunatulukira a Benedict ndi ngolo yawo, atanyamula feteleza. A Benedict ndi aja anabwera kuchokera ku Thyolo kudzakhala tenanti pa esiteti, n'kukwatira konkuno. Ndi amene anandinyamula chaka chatha. Anaima n'kundifunsa ngati ndikuwedza. Nditawauza, anavula chipewa, n'kukanda m'mutu.

"Amayi, kodi Khola lanulo lidzadumpha miyalayi ngati mbuzi? Magudumu amadutsa kumunsiku."

Ndinawatsatira. Powolokera ngolo ndi kumunsi, pamene msewu umatsikira mumtsinje. Ng'ombe zinalowa, madzi n'kuzigwira m'mimba. Ndinawapatsa nsungwi, anaiviika pakati ali pangolo pomwepo. Atandibwezera, ponyowa panandifika m'ntchafu.

A Caroline ayeza. 67.

Zaka makumi asanu ndakhala ndikuwoloka Kamphande, ndipo kwa ine Kamphande ndi pa miyala. Mwana anati yezani powolokera, ine ndinakayeza powolokera. Sindinaganize za magudumu. Kumunsi kuja ndinadutsako kamodzi kokha nthawi ya dzinja, nditakomoka.

Ndinawauza a Caroline kuti atumize 34. Anaika foni m'thumba. Akuti m'kope alemba chilichonse chimene ndinganene, ngakhale chotukwana iwo, koma nambala yabodza satumiza. Ndinati mwina mvula idula, madzi aphwera. Anati mwina. Lero sitinatumize kanthu.

Lachiwiri, 14 Januwale

Yagwa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Pansi sindinakhale. Ndasesa m'nyumba kawiri, ndasankha nyemba zosankha kale, ndatuluka kukaona mbuzi, ndalowa, ndatulukanso.

Rodrick anaimba katatu. Ndinaisiya foni ikulira pansi pa pilo.

Lachitatu, 15 Januwale

Ndinapemphera kuti mvula ileke. Nditangoti ameni ndinachita manyazi. Chimanga cha mudzi wonse chili m'mawondo, chikufuna madzi, ine ndikupempha chilala chifukwa cha nsungwi. Ndinabwereranso kukapepesa.

A Caroline andiuza zimene sindinafune kumva. Akuti ndikakhala chete, mwana adzalowa ndi galimoto pakati pa mtsinje akukhulupirira ine, injini idzamwa, mwinanso madzi adzamukankha. Ndiye ndidzataya nyumba, galimoto ya a Enoki, kaya ndi mwana yemwe. Ndinawauza kuti ana awo onse ali ku Joni, za ana a eni azisiye. Anatseka kope n'kupita. Abweranso madzulo ano ndi mbatata yootcha, akhala pansi, atsegula kope. Ndi izi tikulembazi.

Chimene chikundivuta si Ivy. Ndi amayi a Mvano aja ndinawaitana ku mtsinje. Ndiponso mwanayo, amene akuganiza kuti mayi ake ndi munthu wosalakwitsa.

A Benedict ayeza kumunsi. 70.

Lachinayi, 16 Januwale

Ndamuuza.

Ndinaimba ndekha, a Caroline anangondipezera nambala. Ndinanena zonse, za miyala, za ng'ombe, za 67 ndi 70, ndiponso kuti ndinadziwa Lolemba. Kumbali kwake ndimamva nyundo za anzake pagalaja.

Kenako Rodrick anati, "Za miyalazo si kanthu, amayi, ndinalakwa ndine osabwera kudzaona ndekha. Koma Lolemba mpaka lero? Masiku atatu amenewo ndimawafuna."

Ndinafunsa ngati pali chimene angachite. Anati sakudziwa, n'kudula. Sanatsanzike. Chibadwire sanadulepo foni osatsanzika.

Ku Mvano sindinapite. Ndinatuma mawu kuti mutu.

Madzulo Ivy anaimba, ndiye kuti mlongo wake wamuuza. Sanandikalipire, bola akanatero. Anati abwera mawa kudzagona ku boma, Loweruka afika kuno, ndiyambe kupatula zofunika zokha. Mphasa ndisatenge, akuti kuli makapeti.

Lachisanu, 17 Januwale

Ndamanga mitolo itatu. Wina wa zovala, wina wa ziwiya, wachitatu wa mbewu: mtedza wa chalimbana, nyemba, nthanga za maungu. Sindikudziwa kumene ndikazidzale, koma sindingazisiyire mbewa.

Mbuzi ndapempha a Benedict kuti azisunge. Mtedza wa kumunda a Caroline akuti adzakumba. Ndinawafunsa kuti ndi msana wake uti. Anati ndi womwewu wandipirira sabata ziwiri.

Masana ndinayenda mpaka kumsitu kumene agona a Enoki. Sindinalowe, mkazi salowa yekha kumanda popanda mwambo, ndinangoima m'mphepete. Ndinawauza kuti galimoto yawo mwana waidula madigadi, ndipo ine ndalakwitsa poyeza. Nditatha ndinabwerera kunyumba.

Rodrick sanaimbe. Ine sindinaimbe. Mvula sinagwe lero. A Benedict akuti 62.

Loweruka, 18 Januwale

Ndinali nditavala kale za ulendo, nsapato zili m'manja, pamene a Benedict anabwera kudzati kutsidya kwaima chinthu. Ndinawafunsa kuti minibasi? Anati minibasi siikhala ndi chitamba.

Tinatsika ndi a Caroline. Anthu anali atadzaza kale gombe, amayi a Mvano ali kutsogolo, palibe amene anaiwala tsiku. Patsidya panaima Khola. Kumbali kwake, kuchokera pa boneti kukwera m'mphepete mwa galasi mpaka kudenga, kunali paipi yoyera, ya pulasitiki, ngati ya pa mjigo, yomangidwa ndi zitsulo. Pambuyo pake ndinamva kuti ndiyo mphuno yatsopano, Rodrick waiika m'masiku awiri omwewa, n'kumata paliponse pamene madzi angalowere. Kumbuyo anaikamo matumba a mchenga kuti matayala agwire pansi. Ivy anali pampando wa kutsogolo, chikwama pamiyendo.

Rodrick sanandiyang'ane. Anapinda buluku, anatenga ndodo, analowa mumtsinje. Anayenda uku ndi uku, akuponda pansi ndi chidendene, akugubuduza miyala ikuluikulu n'kuiponya kumbali. Atafika tsidya lino anaima patsogolo panga madzi akuchucha. Anagwada pang'ono n'kundipatsa moni monga mwa nthawi zonse. Maso ali psuu. Ndinafuna kunena kanthu koma anali atatembenuka kale.

A Benedict anabweretsa ng'ombe ndi tcheni, akuti zingokhala pafupi. Rodrick anati zikhale, koma zisakhudze galimoto pokhapokha iye atakweza mkono, poti pangano ndi lakuti iwoloke yokha. Anamuuza Ivy kuti atsike awolokere pa miyala. Ivy anakana. Anati ngati mumtsinjemo mudzadutsa mayi ake, ayambe wadutsamo iye.

Inalowa pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokalamba. Madzi anakwirira matayala, anakwera zitseko, anaunjikana kutsogolo kwa boneti. Pakati penipeni inaima. Injini ikulira, matayala akupota, madzi ofiira akuthovoka kumbuyo. Ndinaona galimoto ikutsetserekera kumunsi pang'ono. Ndinagwira dzanja la a Caroline, akuti mpaka pano likuwawa. A Benedict anayamba kumasula tcheni, maso ali pawindo kudikira mkono. Mkono sunatuluke.

Anaibweza m'mbuyo pang'ono, n'kubweranso chopendekera kumtunda. Inagwedezeka, inagwira mwala, inakwera. Inatuluka ikukhetsa madzi m'zitseko zonse, udzu uli lendelende kumimba. Amayi a Mvano analuluta.

Sinaime pagombe. Inapitirira ndi kanjira ka kwathu, ife tikutsatira wapansi, ndipo tinaipeza itaima pabwalo, pansi pa mtengo wa mango pamene inkaima kale. Rodrick anali atatsegula boneti, mutu uli m'kati. Ndinaima pambali pake. Osatulutsa mutu anati Lolemba adzanditenga kupita ku chipatala ku sikelo ya magazi, ndidzakhale nditakonzeka, ndipo kuyambira lero woyeza madzi ndi a Benedict. Ndinati chabwino.

Ivy anatsika nsapato zili m'manja, siketi itanyowa mpaka m'mawondo, poti madzi analowa m'kati. Anazungulira galimoto kamodzi, anagwedeza paipi ija kuona ngati yalimba, kenako analowa m'nyumba. Ine ndinakhala pakhonde pano ndi a Caroline, tikudikira.

Posachedwapa Ivy wafuula ali m'katimo.

"Amayi, ndazizidwa. Ketulo ili mumtolo uti?"

Ndamuuza kuti wa chitenje chobiriwira. Ndikumumva akulimbana ndi mfundo.