Nyumba Imene Inachotsedwa pa Njira ya Ana

KOMITI YA AMAYI A MSEWU WACHISANU NDI CHIWIRI, RAS AL KHAIMAH

Msonkhano wounika mmene linayendera tsiku la Hag al-Laila, tsiku la pakati pa mwezi wa Chisilamu wa Shaabani limene ana amayenda khomo ndi khomo kuimba ndi kulandira maswiti

Tsiku: Lachitatu, 18 Shaabani 1445
Nthawi: 10 koloko m'mawa
Malo: Chipinda cha alendo, kunyumba kwa Mlembi

Opezeka: Mouza bint Ghanim, amake Obaid (Wapampando), Ausha bint Thani, amake Khalfan (wamkulu pa onse), Shamsa bint Saqr, amake Hazza, Afra bint Hamdan (Mlembi)

Osapezeka: Hessa bint Butti (galimoto yawo ili kokonzetsa, onani mfundo yachiwiri)

1. Zolembedwa za msonkhano wapita

Mlembi anawerenga zolembedwa za pa 2 Shaabani. Zimathera pakati pa chiganizo, chifukwa pa mphindi imeneyo foni ya Mlembi inalira, ndipo mwini sitolo ya mabuku anati a Matar, amuna a Mlembi, agwa pakhomo pa sitoloyo ndipo sakupuma. Mlembi sakumbukira amene anatseka msonkhanowo.

Wapampando anati zotsalazo mamembala anagwirizana pafoni, Mlembi atachotsedwa kaye pagulu kuti asasokonezedwe pamaliro. Anakumbutsanso kuti misonkhano izichitikira m'nyumba muno kufikira Mlembi atatsiriza edda, miyezi inayi ndi masiku khumi imene mkazi wamasiye sachoka pakhomo.

Mlembi anapempha kuti pawonjezeredwe mfundo imodzi: chifukwa chimene pa tsikulo sipanafike mwana ngakhale mmodzi pageti pake. Wapampando anati khofi akuzizira, ndipo anaiika mfundoyo pachitatu.

2. Za magalimoto

Wapampando anati mumsewu wa nyumba khumi ndi zinayi munalowa magalimoto oposa makumi atatu, ndipo kuchokera pa swala ya Asri, pemphero la chakumadzulo, mpaka dzuwa kulowa palibe amene anatha kutuluka kapena kubwerera m'mbuyo. Imamu anasiya galimoto yake pamphambano n'kupita kumzikiti wapansi. Amayi Hessa, pofuna kutembenuka, anagunda mtengo wa kanjedza wa aneba, umene wakhala pamalo pomwepo zaka makumi awiri.

Amake Khalfan anapempha kuti mawu awo alembedwe monga anayankhulira, ndipo ndi awa: "Ine ndinaima pageti ndi dengu langa, mawondo akundiwawa chonchi. Kunabwera ana? Kunabwera mikono! Zenera tsee, kathumba tulu, zenera tsekeni. Nkhope sindinaione n'imodzi yomwe. Wina anachita kundiyikira nyimbo ya pafoni, mwana ali duu kudya. Ndinamufunsa kuti maswitiwa ndipatse foniyo?"

Amake Hazza anati kunali kotentha. Amake Khalfan anafunsa kuti kutentha kwake kuti, mwezi uno anthu akugona ndi mabulangete. Amake Hazza anati madiresi a ana awo ndi opetedwa ndi ulusi wagolide, fumbi limawawononga, komanso anayenera kukafika kwa agogo a mbali zonse ziwiri dzuwa lisanalowe. Amake Khalfan anati: "Mwana wanga, kuchokera pageti pako kufika panga ndi masitepe makumi anayi. Ndinawawerenga ndikupita kukakuona utabereka Hazza yemweyo. Iwe wabwera ndi galimoto ya mipando isanu ndi itatu, ndipo sunatsike."

Amake Hazza anayankha kuti: "Amayi, zanuzo zinali za kale, msewu uli mchenga, mbuzi zokhazokha." Amake Khalfan anati mbuzi zinkadziwa kupatukirana.

Wapampando anaimitsa zokambiranazo kawiri. Sizinaime.

3. Za nyumba ya Mlembi

Mlembi anafotokoza kuti pa tsikulo anatsegula geti swala ya Asri itangotha, anakhala pampando kuseri kwake, ndipo anamva magalimoto onse akudutsa. Ena ankachepetsa liwiro, kenako n'kupitirira. Anakhala pomwepo mpaka kuitana kwa swala ya Magharibi, pemphero la dzuwa litalowa.

Wapampando anati komiti inajambula mapu a njira ya magalimoto, ndipo nyumbayi inasiyidwa dala, mwaulemu. Anati amene amayendetsa ana masiku ano ndi abambo ndi madalaivala, ndipo si bwino kuti amuna achilendo aziunjikana pageti pa mkazi amene ali pa edda, akuliza mahutala. Anati ganizoli linali la amake Khalfan.

Amake Khalfan anati iwo ananena kuti amuna asaime pageti, sananene kuti ana asalowe. Amake Hazza anafunsa kuti ana akanafika bwanji popanda owayendetsa. Amake Khalfan anawayang'ana nthawi yaitali. Mlembi sanapeze mawu olembera kuyang'anako.

Amake Hazza anawonjezera kuti anauza ana awo kuti asaimbe podutsa panyumbapa, ndipo makolo ena anachita chimodzimodzi, poganiza kuti nyimbo ingamupweteke Mlembi. Mlembi anati anazindikira, chifukwa msewu wonse unali phokoso kupatula pageti pake.

Mlembi anadziwitsa komiti kuti a Matar, amene anaphunzitsa ambiri mwa abambo oyendetsa magalimotowo ali kusukulu ya pulaimale, anali atalongedza kale timatumba ta chaka chino: mtedza, tchana chokazinga, nkhuyu zouma ndi maswiti, ndipo pa kathumba kalikonse analembapo dzina la mwana wa mumsewu muno ndi dzanja lawo. Poti iwo ndi Mlembi sanakhale ndi ana, ntchitoyi ankaiyamba msanga chaka chilichonse, ndipo sankapereka kathumba mwana asanaimbe nyimbo yonse. Mlembi anati wawerenga zambiri zolembedwa ndi anthu oferedwa, ndipo ambiri amadandaula ndi alendo ochuluka. Iye sanakonzekere zosiyidwa mwaulemu.

Wapampando anati: "Afra, m'bale wanga, bwanji sunatiuze?" Mlembi anakumbutsa Wapampando za mfundo yoyamba, kuti anali atachotsedwa pagulu la pafoni.

Amake Hazza analira, ndipo anapatsidwa madzi.

4. Chochita ndi timatumbato

Amake Hazza anati atumiza dalaivala wawo masana ano kuti adzatenge timatumbato ndi kutigawa nyumba ndi nyumba. Amake Khalfan anati: "Galimoto inanso! Mouza, mugwire mwanayu ndisanayankhule zoti Afra alephere kulemba."

Wapampando anati ana abwere Lachisanu. Amake Khalfan anakana, nati tsikulo ndi limodzi pachaka, silibwerezedwa ngati mayeso, ndipo ana oimba nyimbo ya pakati pa Shaabani pa tsiku lina adzasekedwa ndi misewu ina yonse. Wapampando anati ndiye mamembala anyamule timatumba ta ana awo pochoka. Mlembi anathokoza, koma anakana. Anati timatumbato tinalongedzedwa kuti mwana afike yekha pageti, aimbe, aitanidwe dzina. Akapatsidwa ndi mayi ake kukhitchini, ndi maswiti chabe, ndipo maswiti ana amenewa ali nawo ambiri.

Amake Hazza anafunsa ngati Hazza ndi alongo ake angabwere popanda tsiku loikika ndi komiti. Mlembi anati geti lake silifuna chilolezo cha komiti. Amake Hazza anafunsa kuti nthawi yabwino yoimika galimoto panja ndi iti. Wapampando anayamba kuwerenga zogwirizana.

Zogwirizana:
(a) Chaka chamawa magalimoto onse adzaimikidwe kumzikiti, ana adzayende wapansi. Anavomera atatu. Amake Hazza anati aganizira.
(b) Nyumba ya oferedwa isachotsedwenso pa njira mwini wake asanafunsidwe.
(c) Mlembi abwezeredwe pagulu la pafoni.

Pa za timatumba ta chaka chino komiti sinagwirizane kanthu.

5. Zina ndi zina

Wapampando adzapita kukapepesa kwa eni ake a kanjedza.

Msonkhano wotsatira: Lachitatu, 8 Shawwal, Idi itapita, m'nyumba momwe muno.

Wapampando anatseka ndi pemphero nthawi ili 11:50 m'mawa. Mamembala awiri anapita kwawo wapansi.

Pamene zolembedwazi zikusainidwa, timatumba tonse tikadali m'dengu kuseri kwa geti, mayina akuyang'ana kumwamba. Geti limakhala lotsegula kuyambira swala ya Asri mpaka dzuwa kulowa.

Wapampando: Mouza bint Ghanim ....................

Mlembi: Afra bint Hamdan ....................