Diresi Langa, Dzina la Eni

Old Town,
Lilongwe.
14 Okutobala

Okondedwa achemwali anga a Immaculata,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, inu ndi alamu anga a Lemson pamodzi ndi ana. Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika kutchalitchi? Kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi. Ndasankha kulemba papepala chifukwa pafoni ndimangoti tili bwino, inunso mumakhulupirira msanga.

Nkhani ndi yakuti malo anga osokera akundichoka. Mukulikumbuka khonde lija la sitolo ya nsalu ya a Abdulmajid, pamene munandipeza ndi makina anga? Pangano lathu linali lakuti ine ndizikhala pakhondepo, anthu odzasoketsa azigula nsalu m'sitolo mwawo. Bambowa sandida ayi. Koma andiuza, maso ali pansi, kuti mwezi uno ukatha malowo apatsa wina, chifukwa odzandifuna atha. Sindinawatsutse. Sabata yonse yathayi ntchito imene ndagwira ndi kuika zipi pa thalauzi la kondakitala wa minibasi.

Mufunsa kuti zatheka bwanji, popeza kusoka mukudziwa kuti ndimakutha. Mverani.

Makasitomala anga enieni anali amayi a ku Area 10, ku 43 ndi ku 47, aja a magalimoto a magalasi akuda. Ankabwera ndi chithunzi pafoni, ine n'kusoka chimodzimodzi, nthawi zina kuposa pamenepo. Koma onse ankapempha chinthu chimodzi, kuti pakhosi ndiikepo lebulo yakunja, kansalu kaja kolembedwa dzina la wopanga chovala. Sankafuna kuti anzawo ku ukwati adziwe kuti diresi lasokedwa pakhonde, pafupi ndi ngalande ya ku Old Town. Ndiye ndinkapita kumsika wa Tsoka kukasankha kaunjika wong'ambika amene aliyense wamukana. Ogulitsa ankandiyesa wamisala, osadziwa kuti ndikufuna malebulo okha. Ndinkawachotsa ndi lezala n'kuwasunga m'kabotolo. Wofuna Italy ndinkamupatsa Italy, wofuna Turkey ndinkamupatsa Turkey.

Ndikamva kuti amayi ena akangana ku ukwati za sitolo ya ku Joni imene diresi langa lagulidwa, ndinkaseka ndekha mpaka misozi. Ndinkati kuyamikidwa kuposa apa kulibe. Pajatu inu ndi ine tinaleredwa kuti kudzitchula wekha n'kupanda ulemu, ntchito yabwino anthu amaiona okha. Anaionadi, achemwali, koma anawerengapo dzina la eni.

Pakhonde loyandikana ndi langa pali Hasina. Pamene ankayamba, msoko wake unkakhota ngati njira ya kudimba, ndipo kolala ndinamuphunzitsa ndine. Koma mtsikanayu chilichonse akasoka amajambula n'kuika pa Fesibuku. Pakhosi amaika dzina lake ndi nambala ya foni. Atasokera kwaya ina yunifolomu, Lilongwe yense anamva, ngakhale amene sanafunse. Ine ndinkamunena kuti akudzitama ngati wandale. Iye anandiyankha tsiku lina kuti diresi limafika ku maukwati kumene telala saitanidwa, ndiye ngati silinanyamule dzina lako likukaitanira malonda munthu wina. Anatinso kunena chimene wachitadi si bodza, ndipo munthu sangasake telala amene sanamumvepo. Ndinamuuza kuti asamalire makina ake. Lero ali ndi atsikana omuthandiza, ndipo khonde langa akutenga ndi iyeyo. Anabwera yekha kudzandipepesa, zimene zinandiwawa kuposa akanangokhala chete.

Makasitomala anga aja anatha mmodzimmodzi. Wina anatsatira mwamuna wake kunja, wina anasamukira ku Mzuzu, ena angosiya kubwera. Aliyense amene wachoka sanandisiyire ngakhale mnzake mmodzi. Akanandisiyira bwanji, popeza kunditchula kukanakhala kudziulula?

Mwayi womaliza unabwera mwezi watha. Sitolo ina ya zovala ku City Centre inalengeza kuti ikufuna matelala a konkuno, azisoka ndipo zovalazo zizigulitsidwa m'maina awo. Chofunika chinali kupita ndi ntchito imene unagwirapo. Ine chithunzi ndinalibe ngakhale chimodzi, chifukwa amayi aja ankaletsa kujambula. Ndinakwera minibasi mpaka ku 43 kwa mayi a Wiza, amene ndawasokera kuyambira mwana wawo ali kumsana. Ndinawapempha kuti andibwereke diresi lobiriwira limene ndinawasokera la pachinkhoswe cha mng'ono wawo. M'nyumba sanandilowetse. Anandipatsira pageti lili m'jumbo, n'kundichenjeza kuti ndisawatchule kulikonse.

Kusitoloko tinalipo ambiri pamzere. Mayi woyang'anira, wamng'ono kwa ine, analitenga diresilo n'kulitembenuza, nayamba kuona msoko. Ndinaona nkhope yake ikumasuka. Kenako anafika pakhosi. Anawerenga mokweza kuti lapangidwa ku Turkey, n'kundifunsa ngati ndikumuyesa mwana. Ndinali nditaiwala kuichotsa lebulo ija, chifukwa diso langa linazolowera kuiona pamenepo.

Ndinafotokoza zonse, anthu akumva. Ena kumbuyo anayamba kuseka, wina n'kunena kuti a kaunjika afika. Mayiyo anati ngati ndikunena zoona ndimupatse munthu woti andichitire umboni. Ndinadziwa kuti ndaletsedwa, koma ndikanatani? Ndinapereka nambala ya mayi a Wiza. Anaimba foni ili pa sipika. Mayi a Wiza anayankha mwaulemu wonse, mawu ozizira bwino, kuti diresilo anagula okha ali paulendo kunja, ndipo ine amangondidziwa ngati mayi wopinda mathalauzi a amuna awo.

Achemwali, ndinalipinda diresilo n'kutuluka. Ndinayenda wapansi kuchokera ku City Centre mpaka ku Old Town, dzuwa lija la masana, chifukwa sindikanatha kukhala mu minibasi anthu n'kumandiona ndikulira. Diresilo ndinakalisiya kwa mlonda wa mayi a Wiza tsiku lotsatira. Sanandiimbire, inenso sindinawaimbire.

Hasina akuti ndiyambirenso, andithandiza kujambula. Koma ndijambula chiyani? Zaka zanga zonse za ntchito zapachikidwa m'nyumba za anthu a mipanda yaitali, ndipo palibe chovala ngakhale chimodzi chonena kuti chinadutsa m'manja mwanga. Maso nawonso ayamba kuvuta, ulusi ndimalowetsa mongoyerekeza. Ndatopa, ndipo mphamvu yoyambira pansi m'tauni muno ndilibe. Mwezi ukatha ndibwera kumudzi ndi makina anga. Amayi musawauze kaye, ndidzawauza ndekha.

Tsopano pempho langa. Mlongo wathu Everson anadutsa kuno Loweruka akuchokera kumudziko. Pocheza anandiuza, akuseka, kuti diresi labuluu limene ndinakutumizirani pa Khirisimasi lagwedeza tchalitchi chonse, ndipo amayi akutchalitchiko akakufunsani mumawayankha kuti ndi la ku Italy, mng'ono wanu anakugulirani m'tauni. Iye ankaganiza kuti andisangalatsa. Ine ndinangoti zikomo, n'kulowa kuseri kwa sitolo.

Sindikukudzudzulani. Lebuloyo ndinaika ndekha, ndimati mukondwe ngati mmene amakondwera a ku 43. Koma diresi limenelo ndinalidula ndi kulisoka ine, ndikuyeza ndi maso thupi lanu limene ndalidziwa kuyambira tili ana. N'chifukwa chake limakukhalani chonchija.

Chonde tengani lezala muichotse. Lamlungu likubwerali mulivale, ndipo amene akufunseni mumuuze zoona, ngakhale ena aleke kulisirira akamva kuti ndi la pakhonde. Ndikubwera kumeneko wopanda china chilichonse koma makinawa. Ngati nakonso kwathu sadziwa kuti ndimasoka, sindikudziwa kumene ndingapitenso.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga, kwa azakhali ndi kwa amalume. Ana muwauze kuti mayi awo aang'ono akubwera, koma asayembekeze zambiri m'chikwama.

Tsalani bwino, mundikumbukire m'mapemphero.

Ndine mng'ono wanu,
Bernadetta,
amene anasoka diresi lanu labuluu.