Mfuti Nambala 7

Umoja, Nairobi
Lamulungu, 9 Malichi 2025

Okondedwa achemwali Eness,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi, alamu ndi ana kwathu kwa Chulu. Ine m'thupi ndili bwino. Ndasankha pepala osati foni, chifukwa pafoni ndimangoti zonse zili bwino, ndipo kwa milungu iwiri mawu amenewa akhala abodza. Kalatayi akupatsirani amayi Tupochile a kutchalitchi kwathu ku Buruburu, amene akukwera ndege Lachiwiri.

Mukudziwa kuti a Francis Gondwe ndi amene ananditenga ku Kasungu pa 6 Juni 2022, atandipeza ndikutsuka mfuti za alonda a nyama zakutchire monga ankachitira malemu bambo athu. Anandilankhulira ku bungwe lawo lophunzitsa alonda, ngakhale sukulu ndinalekeza Sitandade 8. Ntchito yanga kuno yakhala kusunga makiyi a chipinda cha mfuti, kutsuka mfutizo Lolemba lililonse, ndi kulemba m'kope zipolopolo zonse zimene zawombedwa.

Pa 13 Januwale tinalandira ophunzira khumi ndi awiri, ndipo aliyense anapatsidwa mfuti yake yatsopano. Mfuti zimenezi si ngati zija za kwathu zokoka ndi dzanja. Ukawomba, utsi wa chipolopolo umabwerera m'mbuyo n'kukankha chitsulo chamkati, chitsulocho n'kutaya khoko la chipolopolo, n'kutenga chipolopolo china chokha. Kukamwa kwa mfuti amamangako sailensa, chitsulo chonga chitini chachitali chochepetsa phokoso, kuti makutu a alonda ndi a agalu awo asawonongeke. Koma sailensa imabweza utsi wambiri. N'chifukwa chake pansi pa chogwirira pali kachitsulo kopotokola kokhala ndi zizindikiro ziwiri: kadontho kamodzi ngati mfuti ilibe sailensa, timadontho tiwiri ngati ili nayo. Zimenezi ndazidziwa bwino tsopano. Mu Januwale sindinkazidziwa.

Mfuti nambala 7 inapita kwa mayi wina wa ku Kajiado dzina lake Naserian, wamasiye, wa ana awiri. Ndiye anali mkazi yekhayo m'gululo, ndipo ankawomba bwino kuposa amuna asanu ndi anayi. Kuyambira pa 13 mpaka pa 31 Januwale anawomba zipolopolo 420, mfuti osakanirira ngakhale kamodzi.

Lolemba pa 3 Febuluwale, ndikutsuka nambala 7, ndinaona kuti kachitsulo kaja kauma ndi mwaye. Mukukumbukira mawu a bambo, oti mfuti siigona ndi mwaye. Ndinakachotsa, n'kukanyika m'mafuta, n'kukapukuta mpaka kanawala. Pobwezera ndinayang'ana chithunzi chimene chili pakhoma, ndipo pachithunzipo kanali pa kadontho kamodzi. Sindinaganize kuti mfuti ya pachithunziyo ilibe sailensa. Ndikanatha kufunsa a Kiprono, mphunzitsi wamkulu, koma ndinachita manyazi kuti munthu wa zaka 17 pa ntchito yotsuka mfuti afunse za kachitsulo kochepa ngati chala cha mwana.

Mawa lake mfuti inayamba kukanirira. Khoko limatsakamira pakhomo potulukira, nthawi zina chipolopolo chatsopano chimapanikizana ndi khoko lakale, ndipo utsi umalowa m'maso mwa Naserian mpaka misozi. A Kiprono anayamba ndi magazini, kabokosi kokhalamo zipolopolo, anasintha katatu. Kenako anati mwina ndi zipolopolo, tinatsegula bokosi lina. Anasintha sipuling'i, anasintha kakowa kokoka khoko. Kachitsulo kaja sanakayang'ane, chifukwa anati mfuti zonse anazitchera okha tsiku loyamba ndipo palibe amene angakhudze pamenepo. Ine ndinali pomwepo ndi kope langa, koma zoona, achemwali, nthawi imeneyo mutu wanga sunalumikize.

Pa 14 Febuluwale a Kiprono anaiyesa okha. Tsiku limenelo masailensa anali atatsekeredwa kuti awerengedwe, choncho anawomba popanda. Zipolopolo 30 zinatuluka bwinobwino. Iwo anatembenukira kwa Naserian n'kumuuza kuti vuto ndi phewa lake, sakuikanikiza mfuti mokwanira. Mayiyo anayamba kudzuka m'mamawa kunyamula matumba a mchenga kuti phewa lilimbe.

Mayeso anali Lachisanu pa 21 Febuluwale. Mfuti yake inakanirira kanayi, nthawi inatha asanamalize, ndipo analephera. Anamuuza kuti azithandiza kukhitchini podikira lole ya pa 7 Malichi yomubwezera kwawo.

Tsopano ndafika pamene pakundilemera. Lolemba pa 24 ndinayala mfuti zonse khumi ndi ziwiri patebulo, zogwirira zitachotsedwa. Khumi ndi imodzi zinali pa timadontho tiwiri. Nambala 7 yokha inali pa kamodzi. Ndinatsegula kope. Tsiku la 3 Febuluwale lisanafike, zipolopolo 420, kukanirira palibe. Litadutsa, zipolopolo 310 ndi sailensa, kukanirira 27. Ndipo pa 3 Febuluwale pali dzanja langa: "Ndachotsa ndi kutsuka kachitsulo ka utsi, nambala 7."

M'chipindamo ndinali ndekha. Ndinapotokola kachitsulo kaja n'kukaika pa timadontho tiwiri, ndinabwezera chogwirira, n'kutseka chitseko. Sindinauze munthu.

Lachiwiri mfutiyo inapatsidwa kwa wophunzira wina wamwamuna amene yake inasweka galasi loonera patali. Anawomba zipolopolo 60 osakanirira. A Kiprono ananena pamaso pa onse kuti mfuti yadzichitira yokha umboni. Naserian anali chapatali atanyamula ketulo, ndipo anamva. Choncho kukonza kwanga kwamseri kunamupachika kachiwiri.

Ndinadziuza zambiri m'matatu, minibasi ya kuno, pobwerera ku Umoja masiku amenewo. Ndinati chiphaso changa chokhalira kuno chimadalira ntchitoyi, ndinati a Gondwe achita manyazi, ndinati mayiyo ndi wa konkuno apeza china. Lamulungu pa 2 Malichi, Misa itatha, ndinawakokera a Gondwe pambali n'kuyamba kufotokoza. Ananditseka pakamwa ndisanafike pakati.

"A Greyson, mukandiuza zonse, ine ndiyenera kulemba lipoti kulikulu ku Muthaiga. Mfuti ikugwira tsopano, si choncho? Pitani mukaganize kaye."

Sindikuwaimba mlandu. Ankafuna kunditeteza monga mnzawo wa kumudzi.

Lachitatu la Phulusa ndinapita ku Misa ya m'mawa n'kupitirira kuntchito phulusa lili pamphumi. Nthawi ya tiyi Naserian anandithirira, n'kuseka pang'ono, amvekere, ponditchula mdala m'Chiswahili, "Mzee, mwaye wa mfuti zanu wafika mpaka pamphumi?" Kenako anakhala pabenchi n'kundithokoza kuti mfuti yake ndinkaisamala kuposa zonse, imawala ngati supuni. Anati vuto linali phewa lake basi. Anati ana ake wawauza kale pafoni kuti amayi awo alephera, ndipo wamkuluyo anafunsa ngati yunifolomu aibweza. Tiyi uja sindinamumwe.

Lachinayi pa 6 Malichi, 7 koloko m'mawa, ndinalowa mu ofesi ya a Kiprono ndi kope, n'kutsegula pa 3 Febuluwale ndi pa 24. Anawerenga kawiri. Kenako anatenga nambala 7 ndi sailensa, anaitana Naserian kukhitchini, tonse atatu n'kupita kobwalo lowombera. Anaika kachitsulo pa kadontho kamodzi, ndipo mfuti inakanirira pa chipolopolo chachisanu, m'manja mwawo momwe. Anaika pa tiwiri, zipolopolo 30 zinatuluka zonse. Anapepesa kwa mayiyo m'Chiswahili, chipewa chili m'manja. Kwa ine anangotambasula dzanja, ndipo ndinawapatsa makiyi.

Naserian sanandikalipire. Anandifunsa funso limodzi, kuti ndinadziwa liti. Ndinati pa 24.

"Ndiye tsiku lija la ketulo munkadziwa," anatero. Ndinavomera.

Lole ya Lachisanu inapita popanda iye. Dzulo, Loweruka pa 8, anabwereza mayeso. Ine anandilola kuima kunja kwa waya. Asanawombe anachotsa yekha chogwirira, n'kuyang'ana kachitsulo, n'kukakhudza ndi chala, n'kubwezera. Zipolopolo 30, kukanirira palibe, ndipo 28 zinalowa pakati. Wakhoza, achemwali. Podutsa pa waya sanaime, koma anakweza zala ziwiri osandiyang'ana. Ngati kumeneko n'kukhululuka kapena kundikumbutsa timadontho tiwiri tija, sindikudziwa, ndipo sindiyenera kufunsa.

Za ine zinagamulidwa Lachisanu ku Muthaiga. Anati kulakwitsa kwa pa 3 Febuluwale akanakhululuka, pakuti chithunzi cha pakhoma n'chosocheretsa ndipo achichotsa. Chimene sangakhululuke ndi masiku khumi a chete, chifukwa wosunga makiyi a mfuti akabisa chinthu, mawa munthu akhoza kufa kutchire mfuti itakanirira pamaso pa wopha njovu. Sindinatsutse, pakuti ndi zoona. Ntchito ithera pa 31 Malichi. A Gondwe analinso pamsonkhanowo, ndipo potuluka anandiperekeza mpaka pokwerera matatu, chinthu chimene sanachitepo.

Ndinyamuka pa 2 Epulo pabasi, kudzera ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya, ndipo Mulungu akalola ndiwoloka pa Songwe pa 5. Ndikupempha kuti mundikonzere kachipinda ka kuseri kaja, ngati alamu sanaikemo fodya. Katundu ndilibe wambiri. Kope analitenga kuti likhale umboni, choncho za kuntchito ndikubwera ndi kansalu kaja ka bambo kokulungira mabulashi basi.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti manja awiri okolola chimanga akubwera. Moni kwa Mwabi ndi Elizabeth, muwauze kuti malume awo sanaiwale nsapato za sukulu, ndagula kale ku Buruburu, saizi 4 ndi saizi 6. Moni kwa a Margaret oyandikana nafe ndi onse a kumphakati.

Amayi ndiwo ndawasiyira kumapeto. Ndinayamba ndalemba kuti muwauze kuti kontilakiti yangotha, koma ndafufuta, muona pamene pada pepala. Muwawerengere kalata yonseyi pang'onopang'ono, osadumpha pa 24 Febuluwale. Akafunsa ngati ndili bwino, muwauze kuti kuyambira Lachinayi ndikudya. Ndikafika ndidzapempha kuti andiperekeze kumanda a bambo.

Tsalani bwino mpaka tionane.

Ine mlongo wanu,
Greyson Chikadza