Nsanja ya Belu Yagwa

14 Okutobala

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka, koma ndinganame nditati tili bwino. Pafoni ndimangoti zonse zikuyenda chifukwa Bambo amakhala ali pafupi, ndiye ndati ndilembe.

Msewu wathu uja mukadzabwera simudzauzindikira. Kampani ina yagula malo onse kuyambira kusukulu mpaka kutchalitchi, akuti amangapo nyumba zosanjikizana ndi mashopu. Anayamba ndi sukulu. Makalasi aja a njerwa zofiira, a khonde lalitali la mizati pomwe tinkausa mvula, onse ali pansi, ndipo ana anawasamutsira kutsidya kwa msewu waukulu. Kenako anagumula nyumba ya adokotala, ya mawindo amatabwa ija, ndi ya aphunzitsi aakulu komwe inu munang'ambitsa kabudula pothawa galu.

Tchalitchi ndiye tinkati sangachikhudze. Koma ming'alu ija inakula, dzanja kumalowa lonse, ndipo chiswe chinadya mitanda ya denga. Akuluakulu a mpingo anavomera kusamuka atalonjezedwa holo yatsopano. Sindiwada, denga likanatigwera tsiku lina. Koma Bambo, amene akhala akuliza belu lija kuyambira ife tisanabadwe, atachokera kumsonkhano wa nkhaniyi anangokhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka.

Tsopano imvani chimene chikundilemera. Mukudziwa kuti alamu anu, amuna angawa, akhala pa ulova nthawi yaitali. Ntchito imene anaipeza ndi yoyendetsa chimakina chogumulira, pakampani yomweyo. Ndikanawaletsa bwanji, ana akugona ndi njala?

Bambo atamva anawafunsa kuti, "Mkamwini, nsanja ija mugwetsa ndinu?"

Iwo anati, "Bambo, ndikakana ine agwetsa wina."

"Ndiye agwetse winayo," anatero Bambo, n'kulowa kuchipinda.

Tsiku logwetsalo Bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi, n'kukaima pampata wa mpanda wa malata. Ndinawatsatira. Belu anali atalitsitsa kale, litagonekedwa pa lole ngati ng'ombe yopita kokaphedwa. Nsanja inalimbalimba, kenako inapendekeka, n'kugwa, fumbi kungoti koboo. Alamu anu anatsika pamakina nkhope ili mbuu, osayang'ana komwe tinaima. Bambo anavula chipewa. Sanalire. Anangoti, "Tiye, mwanawe."

Chiyambire tsiku limenelo mutu wawo suli bwino. Kale ankaiwala pomwe aika magalasi, ife n'kumaseka. Pano zoseka zatha. Sabata yatha anatuluka m'mawa kukagula buledi, osabwerako. Ndinazungulira konse, kumsika, kuchipatala. Masana ndinangoona atelala a pakona akubwera nawo atawagwira dzanja. Anawapeza ataima pamulu wa njerwa zophwanyika, thukuta lili kamukamu, akufunsa anthu odutsa njira ya kwawo. Akuti anawauza atelalawo kuti, "Ndikaona nsanja ndimakhotera kumanzere, ndikaona sukulu ndiye kuti ndafika. Nanga nsanja aibisa kuti?" Tangoganizani, Achimwene, munthu wokalambira mumsewu uno kusochera geti lake likuoneka apo.

Kuchipatala akuti ndi ukalamba, mankhwala ake palibe, tizingowayang'anira. Alamu anu akaweruka amavulira ovolosi kuseri kwa nyumba kuti Bambo asaone fumbi lofiira lija. Koma akuvutika chabe, Bambo sawakwiyiranso. Dzana Bambo anawapatsa mpando n'kuwafunsa kuti akufuna ndani. Alamu anu anatuluka panja, ndipo ndinawapeza atatsamira khoma la bafa, akulira ngati mwana. Akuti kunali bwino pamene Bambo ankawakana moni.

Lolemba kunabwera anthu a kampani kudzapaka chizindikiro chofiira pakhoma lathu. Nyumba ino, monga mukudziwa, ndi ya mpingo, ndiye inagulitsidwa pamodzi ndi tchalitchi. Akuti tichoke mvula isanayambe. Ndapeza zipinda ziwiri kutali, pamwamba pa shopu, masitepe okhaokha, popanda khonde. Ndikawatengera Bambo kumeneko adzadziwako chiyani? Muno amayendabe okha pogwira makoma. Mapazi awo amadziwa pomwe simenti inatitimira, ndipo chitseko cha kukhitchini amachikankhabe ndi bondo monga kale. Zimenezi zokha ndi zomwe zawatsalira. Yemwe adzagwetse nyumba ino sindinafunse, ndipo alamu anu sananene.

Sindikupempha kuti mutumize kanthu. Bwerani inu eni ake. Ndikudziwa ntchito ndi yovuta kuisiya ndipo ulendo ndi wautali, koma bwerani khoma lisanagwe. Mwina akakuonani mutaima pakhonde pano china chake chidzadzuka mwa iwo. Ine ndekha ndatopa, ndipo sindikuona kolowera.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ana kuno akuti moni kwa amalume, atelala nawonso akukulonjerani. Ndinafuna kuti moni wa Bambo ndiulembe m'mawu awo enieni, ndiye m'mawa uno ndawauza kuti ndikulembera mwana wawo woyamba. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mwaulemu wonse, kenako anati, "Mumupatse moni, mayi. Kaya ndi mwana wa ndani, koma mumupatse moni."

Ndiye landirani moniwo.

Ine mlongo wanu wamng'ono.