Hendrick Sakufika

Lolemba, 10 Malichi 2014

Mabuku afika ku holo ya tchalitchi. Makope 20, mphatso ya kampani ina yosindikiza ku Marlboro. Sisi Ntokozo, mkulu wa pulogalamu, akuti Lachisanu adzakhala kumbuyo kwa kalasi kuti aone ngati ndingapitirize ntchito. Mtima uli m'mwamba. Ophunzira anga ndi akuluakulu ochokera kwathu, odzasaka ntchito kuno kunja ku Kya Sand, amene sanapeze ganyu pa roboti m'mawa. Chingerezi amatchula bwino, koma ukafunsa zomwe awerengazo, zii.

Phunziro la lero: kulosera. M'bukumo, mnyamata wina, Hendrick, wanyamula chikwama, watsanzika mayi ake, wakwera basi. Tsamba 8 lathera panjira: basi inaima ndipo... Ndati tsekani mabuku, kaganizeni chotsatira.

Lachiwiri, 11 Malichi

Kalanga ine. Tsamba 9 ndi tsamba 1. Hendrick akunyamulanso chikwama. Mabuku onse, masamba asanu ndi atatu omwewo kanayi. Ndisanatsegule pakamwa, abambo Tawakali, amene ankagwira ntchito kumigodi kale, akuti, "Amubweza pa boda." Kalasi yonse eish, shem. Ine ndangoti tiyeni tipitirize. Manyazi.

Lachitatu, 12 Malichi

Kupeza umboni m'nkhani. Ndafunsa, mukudziwa bwanji kuti anamubweza? Elina, amene sanayankhulepo chiyambire Januwale: "Mayi ake akulira ndi mawu omwe aja. Munthu ukatopa susintha mawu." Wina waona kuti malaya ndi omwewo, ndiye kuti sanamupatse mpata wosintha. Aliyense chala pa mzere. Za kukoleji zonse zija sizinandibweretserepo zotere.

Lachinayi, 13 Malichi

Kufupikitsa nkhani kwakanika. Mkangano mpaka ena kuimirira: ulendo wachitatuwu Hendrick anyengerere dalaivala kapena atsike asanafike pa mlatho wa pa boda? A Tawakali akuti ndi chitsiru, basi imodzimodzi kanayi. Ndiwauza zoona mawa. Mwina.

Lachisanu, 14 Malichi

Sisi Ntokozo anakhala kumbuyo, akutembenuza masamba uku ndi uku. Kenako anandikodolera panja. "Haibo, Angella, bukuli ndi lowonongeka." Ndati ndikudziwa. Pawindo tikumva Elina akuwerenga mokweza, kutsimikizira a Tawakali kuti Hendrick analibe pasipoti: zonse za m'chikwama zatchulidwa, mpaka mswachi, koma iyo ayi. Sisi anamvetsera kanthawi ndithu. Akuti ntchito ndipitirize, koma Lolemba ndinene zoona. Kope labwino ali nalo ku ofesi.

Lolemba, 17 Malichi

Ndanena. Ndawawerengera tsamba 9 lenileni m'kope la sisi: basi inaima, Hendrick anatsika, azakhali ake akumudikira ndi ambulera. Nkhani yonse inali ya holide.



A Tawakali: "Aphunzitsi, mabuku 20 akuti anabwerera, limodzi likuti anafika. Umboni uli mbali iti?" Anavota pokweza manja. Azakhali aluza, 14 kwa mmodzi.

Mmodziyo ndi Elina. Ena atatuluka anatsalira, akupinda mipando. Akuti amuna ake, a Davide, anakwera basi Loweruka ku Blantyre kubwera kuno, ulendo wachitatu, ndipo foni sikupezeka chidutsire pa Mwanza. Anapempha kope la sisi. Anakhala pansi, chala pa tsamba 9, anawerenga yekha mpaka pa ambulera, n'kuyambiranso.

Kiyi wa holo ndamusiyira.