Nyundo Si Mwamuna Wanga

Zolozolo, Mzuzu
Juni 1986

Okondedwa achimwene a Morris,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Jenet ndi ana onse ku Limbeko. Nanga mayi, miyendo ija ikuwavutabe? Ife kuno ndikanena kuti tili bwino ndikhala ndikunama. Mwana wathu Eness yekha ndiye akudya ndi kusewera ngati kale. Kunja kukuzizira ndi kamvula kosaleka, koposa chiperoni cha kwathu.

Kalata yanu ndinalandira. Ndaiwerenga mobwerezabwereza, ndipo mtima umandiwawa pamalo amodzimodzi, pamene mukuti ndimange katundu ndikwere basi, chifukwa inu monga nkhoswe simungasiye mlongo wanu m'manja mwa chilombo. Chilombo mukunenacho ndi alamu anu a Gideon, amene munadya nawo mbale imodzi paukwati wathu. Ndikuona kuti kalatayo munailemba mng'ono wanu Jailos asanafike kuno. Pofika pano wabwerera kumeneko ndi mkono womangirira m'khosi, ndipo wakuuzani zake. Tsopano mumve zanga.

Munaona kabuku ka zithunzi kotchedwa Nyundo. Munaona a Gideon atavala chikhoti chakuda ndi chipewa chopendekera kudiso, akuthyola mbava mumsika. Kenako patsamba lapakati munaona ine ndili kwala pansi, magazi ali chuchuchu pamphumi, iwo ataima pamwamba panga ndi botolo losweka. Mukuti chithunzi sichinama. Achimwene, magazi amenewo ndi koko. Ndinasungunula ndekha m'kapu, ndipo wotsalayo anamwa Eness.

Ndiyambire poyambira. A Gideon amasoka zovala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika waukulu. Chitseko chotsatira ndi cha a Jasper, ojambula zithunzi. A Jasper anaona mabuku a zithunzi ochokera kunja akugulidwa ngati mandasi, ndiye anati bwanji tipange athuathu, a nkhope za konkuno. Ankafuna munthu wa chifuwa chachikulu ndi maso oopsa. Sanapite kutali, anangosuzumira pakhomo n'kuona alamu anu ali pa makina.

Nyundoyo si munthu wabwino ayi, pamenepo sindikukutsutsani. Amagwira akuba, amabwezera amayi katundu wawo, koma akatero amakaledzera n'kubwera kunyumba kudzamenya mkazi. Ine ndinawafunsa a Gideon kuti munthu wa kwaya ngati inu mukufunamo chiyani m'chikhoti cha chidakwa. Anaseka, n'kunena kuti ku tchalitchi amasewera Yudasi Pasaka aliyense ndipo palibe anawaponyapo mwala, m'malo mwake amayi a umanyano, a mvano a konkuno, amawapatsa tiyi akamaliza. Anatinso mu Zolozolo muno a Nyundo ndi ambiri, okoma kunja koma oopsa m'nyumba, ndipo ndi bwino adzione nkhope zawo.

Vuto linali kupeza mkazi wa Nyundo. Akazi amene a Jasper anawapempha anakana, ena analetsedwa ndi amuna awo. Ine ndinadzipereka ndekha, musawanamizire a Gideon kuti anandikakamiza. Kunena zoona, sindinafune mkazi wina azigwidwa dzanja ndi mwamuna wanga, ngakhale mongoyerekeza. Nsanje yanga mukuidziwa kuyambira ndili mwana.

Mukanaona mmene tinkajambulira mukanaseka mpaka kugwira nthiti. Chibakera sichiponyedwa, chifukwa dzanja likayenda chithunzi chimatuluka mbuu. Munthu amachita kuika chibakera patsaya pako pang'onopang'ono, iwe n'kupinda khosi, nonse n'kuuma gwa mpaka a Jasper anene kuti basi. Ntchito yonse ya Nyundo ndi kuima osagwedezeka. A Gideon ankangondinong'oneza kuti pepani chomene mama, ine ndikudziluma milomo kuti ndisaseke. Mawu amene munawerenga pamwamba pa mutu wawo, oti lero ndikupha, a Jasper anachita kutayipa pambuyo pake n'kumata ndi guluu. Chimene a Jasper ankaopa ndi diresi yanga kuti isakwere kupitirira mawondo, ndi tsitsi la Nyundo kuti lisafike pakolala, poopa lamulo. Za botolo analibe nazo mantha.

Kabuku katatuluka, zinthu zinatembenuka. Ku tchalitchi anthu amamuona Yudasi akuvula nsalu n'kukhala pabenchi kuimba nawo nyimbo yotsekera. M'kabuku munthu savula, amakhala ali chiimire ndi botolo lake m'thumba la aliyense amene wagula. Amayi amene ankasoketsa kwa a Gideon anayamba kudutsa pakhonde atayang'ana kumbali. Wina analavulira malovu pamakina. Ena ankandikokera pambali pamjigo, kundiuza kuti ndisabise, iwonso zimawachitikira, mpaka kundionetsa zipsera zawo zenizeni pansi pa duku. Amenewo ankandimvetsa chisoni.

Loweruka lina masana, mwamuna wina wogulitsa nyama anawaimitsa a Gideon pa depoti, n'kunena kuti tiye tione ngati ulidi Nyundo. Asanayankhe, anawagunda ndi mutu pamphuno. Anafika kunyumba malaya ali magazi okhaokha, koma akuseka, akuti munthu uja wangowerenga kabuku koyamba, adikire komaliza. Pajatu iwo ndi a Jasper anagwirizana kuti m'kabuku komaliza mkazi wa Nyundo adzanyamula katundu n'kumusiya yekha ndi mabotolo ake. Ine ndinapsa mtima, ndinawauza kuti asiye zimenezi tisanaike maliro. Anati akasiyira pakati, anthu atsala ndi Nyundo wopambana, ndipo anyamata ayamba kupendeketsa zipewa.

Ndiye kunabwera Jailos. Lole yawo inabweretsa simenti kuno. Sanafike kunyumba kudzandiona ine mlongo wake, sanandifunse ngakhale liwu limodzi. Analunjika pakhonde ndi anzake awiri a pa lole, kabuku kali m'thumba. Ine ndinali pomwepo. Ndinali nditawapititsira a Gideon nkhomaliro, ndipo ndinkakoleza makala mu nsimbi kuseri kwa chipupa kuti ndiwasitire suti ya munthu.

A Gideon atamuona anadzuka ndi chimwemwe, natambasula dzanja kuti monire alamu. Jailos anawayankha ndi lamba wa injini kumaso. Ndinamva kulira kwake ngati nsalu ikung'ambika. Pamene ndinkatulukira, anzake aja anali atagubuduza makina, a Gideon ali pansi, akuwaponda m'nthiti ndi jombo. Ndinakuwa dzina la Jailos, koma sanandimve, kapena sanafune kundimva. Mmodzi wa anzakewo anandikankha ndi chigongono, n'kundiuza kuti mayi khalani uko, tikukuthandizani.

Anthu anathamanga kuchokera mumsika n'kuzungulira khonde lonse. Palibe analeretsa. Anyamata ankakuwa kuti Nyundo dzuka, Nyundo aonetse, ngati ali ku mpira. Amayi ena ankati muwonjezereni, wazolowera kumenya mkazi. Onsewo, omukonda ndi omuda, ankadikira chinthu chimodzi, kuti chibakera cha m'kabuku chija chituluke.

Achimwene, msinkhu wa a Gideon mukuudziwa, ndipo Jailos mukumudziwa kuti ndi kamunthu kouma ngati nsungwi. Akanafuna, akanamunyamula ndi dzanja limodzi n'kumuponya m'ngalande. Anadzuka, magazi akutsika m'khosi, n'kupinda manja kumbuyo, dzanja lina litagwira linzake. Anauma monga ankaumira pamaso pa a Jasper. Jailos ankalumpha akukuwa kuti ndimenye ine, si umalimba ndi akazi okha. Iwo anangoti alamu, mlongo wanu ndi uyo, mufunseni. Jailos sanacheuke. Analanda kwa mnzake chitsulo chochotsera matayala, n'kuwamenya nacho pambali pa diso lakumanzere.

Apo ndiye mutu wanga unasokonekera. Nsimbi inali m'manja mwanga, makala ali psuu. Ndinamumenya nayo Jailos paphewa ndi mphamvu zanga zonse. Ndinamva fupa likuthyoka. Makala anamwazikira m'malaya mwake, khonde lonse linanunkha khungu lopserera, ndipo anzake aja anathawa mpaka mmodzi kusiya jombo. Sindikubisa, ndipo sindinamizira Satana. Amene anathyola mwana wa mayi anga ndine Rozina. Pa anthu a m'banja amene tinali pakhonde paja, amene sanamenye munthu ndi mmodzi yekha, yemwe inu mukumutcha chilomboyo.

Jailos ali pansi akubuula, ndinagwada n'kugwira dzanja lake labwinolo, n'kuliyendetsa pamphumi panga. Ndinamuuza kuti afune chipsera cha botolo chimene wabwerera kuchokera ku Limbe. Anafufuza mpaka m'tsitsi, duku litagwa. Sanapeze kanthu. Anayamba kulira ngati mwana, akungoti koma ndinaona achemwali, ndinaona ndi maso anga.

Kuchipatala, a Gideon ndi Jailos anagona wodi imodzi, mabedi oyandikana. Apolisi atabwera, a Gideon anati iwo sangadandaule mlamu wawo, ndi nkhani ya m'banja. Jailos nayenso anati anachita kugwera yekha pa nsimbi. Wapolisiyo anandiyang'ana ine, anayang'ana phewa lija, n'kupukusa mutu. Phala ndinkaphika mumphika umodzi n'kuwamwetsa onse, wina chifukwa saona supuni, wina chifukwa sangainyamule. Jailos ankamwa atayang'ana kukhoma. Tsiku limene anamutulutsa anachoka osatsanzika, koma bulangete lake anawafunditsa alamu ake ali m'tulo.

Ine ndinawakalipira a Gideon, achimwene, munthu ali ndi bandeji kumaso. Ndinawafunsa kuti kodi ndinu mtengo, bwanji simunadziteteze. Poyamba anachita nthabwala, akuti telala sasewera ndi zala zake. Nditapitiriza kulalata anati anthu onse aja anabwera kudzaona Nyundo. Anati akanangoponya chibakera chimodzi, Jailos akanabwerera kwa inu ndi umboni pankhope, ndipo inu mukanandichotsa m'nyumba mwawo popanda wokutsutsani. Anati diso ali nalo lina, koma Rozina wina alibe. Ndinatuluka panja kukalira kuseri kwa wodi, chifukwa sindinafune andione nditagonja.

Diso lakumanzere lija lafa, adokotala atero. Nthiti zikupola, ngakhale akatsokomola amagwira khoma. Makina tinakonzetsa ndipo abwerera pakhonde, koma ulusi sathanso kulowetsa pasingano. Amaloza pabowo, ulusi n'kudutsa pambali, amayesanso mpaka thukuta m'nyengo yozizira ino. Ndiye m'mawa uliwonse ndimapita nawo, Eness ali kumbuyo, ndimakhala pakampando pambali pawo. Ulusi ukaduka ndimalowetsa, iwo n'kupitiriza. Mayi uja analavulira makina anabwera sabata yatha ndi nsalu ya diresi, anangoisiya patebulo ndi muyeso wake.

Pempho langa ndi ili. Musabwere kudzanditenga, chifukwa sindikwera basi imeneyo, ndipo sindifuna kukukanirani pamaso pa anthu inu amene munandilipirira sukulu. Bwerani monga nkhoswe, mudzakhale pamphasa, mudzawayang'ane alamu anu kumaso. Akuti alibe nanu chifukwa, akuti mukanakhala mchimwene wotani mukanaona chithunzi chotere n'kukhala chete. Ine ndiye ndili nanu chifukwa pang'ono, poti sitampa yofunsira kaye inalipo. Ngati kabuku kaja kanafika m'manja mwa mayi, chonde muwasungunulire koko muwapake padzanja, aone okha kuti mwana wawo ali bwino, asamagone ndi njala chifukwa cha ine.

Chinthu chomaliza, ndikuuziretu kuti tisaikenso munthu m'chipatala. A Jasper anabwera kunyumba ndi manyazi, akuti kabuku kathere pomwepa. Alamu anu akana. Akuti komaliza kaja katuluke basi, amayi a pamjigo aja aone mkazi akutuluka pakhomo ndi miyendo yake, ndipo Nyundo wa diso limodzi ndiye woyenera kusiyidwa bwino. Ndinalimbana nawo mpaka mawu kundithera, kenako ndavomera. Tijambula mwezi wamawa. Choncho mudzaona chithunzi changa nditasenza sutikesi, ndikutuluka osacheuka, iwo atagwada pakhomo akulira. Musakandidikire ku depoti ya basi, achimwene. Sutikesiyo idzakhala yopanda kanthu, ndipo a Jasper akangoti basi, ndidzaitula n'kubwerera kukalowetsa ulusi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Jenet, kwa azakhali a Alefa, ndi ana onse mmodzimmodzi. Jailos mumuuze azithowa phewalo ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo, asamanyamule matumba lisanapole. Mumuuzenso kuti akadzabweranso ndi simenti adzayambe wafika kunyumba, mphasa yake ilipo. Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ndine mlongo wanu,
Rozina, mkazi wa a Gideon