Galasi la Foromani ndi Nkhope ya Zuze

Lachinayi, mwezi wa Ogasiti. Kwazizira kuno ku Chipinge, kuminda ya tiyi komwe ndimagwira ntchito, msana ukuwawa.

Ndabwera kunyumba ndi galasi lokuza zinthu, lija timaonera tiakangaude tofiira pamasamba a tiyi. Foromani sakudziwa. Ndimafuna kuti amayi aone chithunzi chomwe chabwera kuchokera kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi. Pali anthu ambiri, ndipo nkhope ya mng'ono wanga Zuze ndi yaing'ono ngati nyemba.

Amayi anaika chithunzicho pamphasa, galasi n'kuligwira m'mwamba, patali nacho. Anthu onse anaoneka chadodolido, mitu pansi. Analisiya msanga.

"Mwana wanga wafa, Tomasi. Wamoyo saima choncho."

Ndinawauza kuti galasili limatero likatalikira, chifukwa kuwala kumapingasana. Ukaliyandikitsa, chinthu chimakula n'kuima bwinobwino. Sanakhulupirire mpaka nditawaonetsa pachala chawo chomwe. Kenako ndinalitsitsira pankhope ya Zuze.

Anayang'ana nthawi yaitali.

"Chipsera chake chija chilipo. Koma waonda mwanayu."

Galasilo alimangirira kunsonga ya chitenje, akuti agona nalo. Mawa foromani akalifuna, kaya ndikamuuza kuti chiyani…